Tayala la Alamu ndi Tayala la Atcheya

A Eustace anagwira ukalaliki ku khoti mpaka tsitsi kuyera, ndipo atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwa akazi awo ku Lobi ndi zinthu ziwiri: lole yakale yonyamulira mbatata ya kachewere, ndi chikhulupiriro chakuti iwo ndi munthu wodziwa kuweruza. Kunena zoona, kukhotiko ankangolemba zonena za ena. Koma munthu ukakhalitsa pansi pa mpando wa woweruza, fungo la nzeru limakulowa m'jekete, ndipo silichoka ndi sopo. Mbuzi ikadya nyemba za mwini, a Eustace ankavala tayi asanaitanidwe n'komwe.

Uthenga unabwera ndi Stefano, mkulu wa anyamata a chipani, aja a malaya ofiira. Unyamata wa Stefano unali wa pa udindo pokha, chifukwa kumutu kunali imvi, kunyumba zidzukulu. Mpando anaukana. Anaima pabwalo, ndodo ili m'khwapa.

"Loweruka lole yanu inyamula amayi kupita ku Boma. Kukubwera akuluakulu a ku likulu, ndipo oyamba kuvina ndi amayi akuno."

"Ndi ulemu waukulu umenewo," anatero a Eustace.

"Ndi ulemudi. A Yeremiya a kwa Kaphuka nawonso anapatsidwa ulemu womwewu."

Nkhani ya a Yeremiya panalibe wosaidziwa, ngakhale panalibenso woikamba. Lole yawo inaphulika tayala pa chitunda, amayi n'kufika ku msonkhano anthu akupinda mbendera. Aboma anawatenga a Yeremiya kuti akafotokoze, ndipo zikuoneka kuti akufotokozabe, chifukwa kwawo sanabwerere.

Stefano atachoka, a Eustace anaizungulira lole yawo manja ali kumbuyo. Matayala akutsogolo anali osalala ngati dazi. Ikamatsetsereka m'mapiri, chiwongolero chinkanjenjemera ngati munthu wa malungo, mano a woyendetsa kumangogundana. Matayala atsopano awiri analipo. Anawagula kalekale, ndipo ankawasunga kuchipinda, kuseri kwa bedi, kuopa maso a anthu. Chotsala chinali kupeza munthu wodalirika woti awaike ndi kuwabalansa, kuti mbali ina isalemere kuposa inzake. Apa ndiye panagona nkhani.

Pa msika wa pa mphambano panali malo awiri okonzera matayala, oyang'anizana ngati atambala, msewu uli pakati. Mbali ya kumtunda kunali a Gerevazio, mlamu wawo, mchimwene wa a Salome akazi a Eustace. Ntchito anaiphunzira ku migodi ku Joni, komwe anabwerako ndi khutu limodzi logontha ndi pakamwa pa anthu atatu. Pobalansa ankapachika tayala pa chitsulo chimene anachikhomera pa mtengo, n'kulizunguza. Mbali yolemera ikakhazikika pansi ankaichonga ndi khala, kenako n'kukhomera kachidutswa ka mtovu mbali inayo. Mtovuwo ankausungunula okha kuchokera m'mabatire akufa, n'kuusunga m'chitini chimene ankachilondera kuposa mkazi. Mavuto awo anali mpweya ndi kachasu. Mpweya ankapopa ndi mpope wamanja, ndipo tayala la lole linkawamalizira tsiku. Kachasu ndiye anachititsa kuti tsiku lina abambo a ku parishi aone gudumu la galimoto yawo yomwe likuwapitirira potsetsereka, chifukwa a Gerevazio anaiwala kumanga manati.

Mbali ya kumunsi kunali a Timoteyo, atcheya a chipani m'dera lonselo. Iwo anali ndi makina opopera mpweya, a injini, amene akalira nkhuku zonse za pamsika zinkathawira m'chimanga. Za kubalansa analibe nazo nthawi. Ankangoliyang'ana tayala, kulimenya khofi, n'kunena kuti lili bwino, ndipo sipanapezekepo dalaivala wa maganizo osiyana. Anthu awiriwa anasiya kupatsana moni chaka chimene a Timoteyo anatsegula malo awo, pamene madalaivala onse anazindikira mwadzidzidzi kuti mbali ya kumunsi kuli mthunzi wabwino.

"Mukapita kwa achimwene, atcheya adzati mwanyoza chipani," anatero a Salome akusita chitenje cha Loweruka. "Mukapita kwa atcheya, achimwene adzakukumbutsani kuti munda mukulimawu ndi wa ndani. Sankhani kumodzi, bambo a Monika, mupirire mkwiyo umodzi. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Mayi a Monika, inu m'khoti simunalowemo. Matayala ndi angati?"

"Awiri."

"Nanga amisiri?"

A Salome anaika nsimbi pansi. "Ayi, bambo a Monika. Ayi ndithu."

"Wina ali ndi mtovu, wina ali ndi mpweya. Aliyense akalandira tayala lake, adzasowa cha mnzake. Adzapemphana. Pofika madzulo mudzamva kuti anthu amene sankalankhulana akudyera mbale imodzi, ndipo mudzafunsa kuti wachita zimenezi ndani."

"Ine ndidzakhala kumbuyo kwa lole imeneyo, pamodzi ndi akazi a eni."

"N'chifukwa chake ndaganiza mofatsa."

Lachisanu m'mawa, nkhungu isanachoke m'mapiri, a Eustace anaimika lole pakati penipeni pa msewu, kuti wina asadandaule kuti aikokera kwa mnzake. Anaikweza pa jeke n'kuichirikiza ndi zipika. Ogulitsa anasiya kabichi ndi mbatata zawo kudzaonerera. Atakhosomola bwinobwino, a Eustace anagamula: tayala la kumanzere kwa alamu, la kumanja kwa atcheya, ndipo onse awiri abalansidwe.

"Alamu," anatero a Gerevazio, "munamuonapo munthu akusoketsa buluku mwendo uno kwa telala wina, mwendo uwo kwa telala winanso?"

A Timoteyo sanakweze mawu. Sankafunika kukweza. "A Eustace, ndiye kuti chipani mwachikhulupirira theka?"

"Ayi, atcheya! Inu ndakupatsani la kumanja, mbali imene ndimakhala ineyo."

"Ine ndiye mwandipatsa dzanja lopitira kuthengo!" anakuwa a Gerevazio, amene khutu lawo logontha linkamva bwino zinthu zotere.

Ntchito inasanduka mpikisano. Kumunsi a Timoteyo ankalamula, a malaya ofiira n'kumalimbana ndi tayala lakale ngati akusenda ng'ombe. Kumtunda a Gerevazio anaitana amuna awiri onyamula matumba pamsika kuti azisinthana pa mpope, iwo n'kupachika tayala lawo pa chitsulo chija mpweya usanakwane n'komwe. Analizunguza monyadira, akuyang'ana kutsidya.

"Atcheya! Lanulo mulibalansa ndi chiyani? Ndi kadi ya chipani?"

Anthu anaseka, kenako aliyense anakumbukira kuti waseka, n'kuyamba kuyang'ana zala zake za kumapazi.

Nkhope ya a Timoteyo inauma. "Stefano, pita ukatenge mtovu kutsidyako. Uwauze kuti ukufunika pa ntchito ya chitukuko."

A Eustace, ataima pakhomo pa lole, anagwedeza mutu mokhutira. Zinali kuyenda monga anaziwerengera: wina wasowa cha mnzake. Chimene sanachiwerengere n'chakuti Stefano chibadwire sanapemphepo kanthu. Anaoloka msewu osapereka moni, n'kuika dzanja pa chitini.

"Chotsa dzanja limenelo," anatero a Gerevazio.

"Kadi yanu ili kuti, mdala?"

"Ili pansi pa dzanja lakolo. Dikira ndikuonetse."

Nyundo ya a Gerevazio inatsikira pa dzanjalo. Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu waponda chigoba cha nkhono, koma kulira kwa Stefano kunamveka mpaka kuchigayo. Anagwada atakumbatira dzanja, magazi akutsikira m'chigongono, mtovu uli mbwee m'fumbi.

Kumunsi a Timoteyo anali atangolowetsa kumene ring'i, mkombero wachitsulo umene umatseka tayala la lole pa limu, chitsulo cha pakati pa gudumu, ndipo umafuna kukhazikika bwino mpweya usanalowe. Anaugogoda mwachangu, n'kulumikiza paipi ya mpweya, n'kuliza injini, chifukwa ngakhale pa nkhondo sankafuna kumaliza achiwiri. Kenako anatola chitsulo chotsegulira matayala n'kuthamangira kutsidya, anyamata awo ali pambuyo.

Ndodo yoyamba inang'amba a Gerevazio pamwamba pa diso. Iwo sanagwe. Anazunguza nyundo, wa malaya ofiira mmodzi n'kulavula mano m'manja mwake, akuwayang'ana ngati ndi a munthu wina. Mmodzi wa onyamula matumba anazula mpini wa mpope n'kuyamba kupuntha misana ngati akumenya nyemba pa mkeka. Mnzake anagwetsedwa pansi, ndipo nsapato zinamuzungulira, m'nthiti, m'mimba, kumutu, mpaka anasiya kudziteteza. Achibale ake a pamsika atamuona ali thapsa analowamo ndi zimene anali nazo pafupi: mipini ya makasu, miyala ya sikelo, mbatata zazikulu za m'dimba, zimene zikaponyedwa ndi mkono wa mlimi sizisiyana ndi mwala. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anamukhuthulira wina mafuta otentha pamwendo, n'kupitiriza kutukwana kuti amuonongetsa mafuta.

A Eustace anaona kuti nthawi ya munthu wamkulu yakwana. Anakwera pa sitepe ya lole, n'kutukula dzanja.

"Bata! Bata, abale! Tiyeni timve mbali imodzi kaye!"

Dzanja lina linagwira tayi yawo n'kukoka. Nkhope inamenya chitsulo cha lole, mlomo n'kung'ambika. Asanadziwe kuti kumwamba n'kuti, nsapato yolemera inaponda zala zawo ziwiri za kumanzere n'kuzipotokola m'fumbi. Anamva zikuthyoka. Anakwawira pansi pa lole, kumene ankangoona miyendo yokhayokha, ndipo anthu akamagundana ndi loleyo zipika zinkalira pamwamba pa mutu wawo. Ngakhale pamenepo, magazi ali m'kamwa, mutu wawo unkasanja ndondomeko: woyamba kumenya ndi uyu, wachiwiri ndi uyo. Chinali chizolowezi cha ntchito.

Pakati pa miyendoyo anaona a Timoteyo atakwera pachifuwa pa a Gerevazio, akuwapana pakhosi ndi chitsulo. A Gerevazio anawaluma chala chachikulu mpaka chitsulo chinagwa. A Timoteyo anadzuka akukuwa kuti lero mdala uyu aona, n'kuthamangira kumalo kwawo kukatenga chikwanje. Chikwanjecho chinali kuseri kwa tayala lija, limene linali likumwabe mpweya popanda woliyang'ana. Anawerama.

Kuphulika kwake kunagwedeza malata a sitolo zonse. Ring'i inachoka ngati chiphaliwali, inawamenya a Timoteyo pachibwano ndi paphewa, n'kuboola denga, n'kukagwera kutali m'munda wa kabichi. Iwo anaponyedwa chagada pa mulu wa machubu akale.

Malire a dziko loyandikana ndi lathu si patali, ndipo masiku amenewo kutsidyako kunali nkhondo. Anthu atamva phokosolo sanafunse. Wina anakuwa kuti zigawenga zaoloka, ndipo msika wonse unathera m'chimanga, amayi ana ali kumanja, nkhuku, a malaya ofiira, onse njira imodzi. Panatsala injini yokha ikulira, ndi amene sakanatha kuthamanga.

A Eustace anatuluka pansi pa lole. A Timoteyo anali moyo, koma chibwano chinali chitakhotera kumene chibwano sichikhala, ndipo akamapuma magazi ankachita thovu. Stefano anaima pambali pawo, dzanja lake lophwanyika atalikulunga m'malaya.

"Akafa awa, tonse tatha," anatero. Kenako anatembenukira kwa a Gerevazio, amene ankayesa kudzuka atagwira mtengo. "Mdala, ikani magudumu. Panopa."

"Ine ndine mdala wopanda kadi."

"Alamu, chonde," anatero a Eustace, mawu akutuluka mopotoka pa mlomo wotupa.

A Gerevazio anapukuta magazi m'diso, n'kulavula. Anagubuduza tayala lawo kuoloka msewu, ulendo wawo woyamba kuponda mbali ya kumunsi, n'kulidzaza mpweya pa makina a mdani wawo, akudandaula kuti makinawo ndi achabechabe. Kumanja anaika sipeya, tayala lokalamba kuposa onse, limene linkagona pansi pa lole kuyambira kwa mwini wake woyamba. Manati anamanga ndi dzanja limodzi, Stefano akuponda sipanala ndi phazi. A Eustace anazindikira kuti mbali ziwirizi tsopano zikugwirira ntchito pamodzi, monga ananenera, koma anaona kuti si nthawi yabwino yokumbutsa anthu.

Anawagoneka a Timoteyo pa matumba opanda kanthu, pamodzi ndi wonyamula katundu uja, amene anali asanatsegule maso. A Gerevazio ndi Stefano anakhala kumbuyo komweko, aliyense atagwira bala lake. Ulendo wa ku Boma unali wa tayala latsopano mbali ina, lakufa mbali ina. Lole inkakokera kumanja, kuphompho, ndipo a Eustace ankaibweza ndi zala zothyoka, akulira poyera chifukwa kutsogoloko anali okha. Pa bampu iliyonse kumbuyo kunkamveka kubuula kwa anthu atatu ndi kutukwana kwa mmodzi.

Mbiri inawapitirira panjira, monga imachitira. Pofika kuchipatala anapeza apolisi akudikira, chifukwa kunamveka kuti bomba laphulika pa malo a atcheya, mawa lake kuli msonkhano waukulu. Madokotala atamanga chibwano cha a Timoteyo, wapolisi wina wamkulu, wa mawu ofatsa ngati a katekisiti, anaima pakati pa mabedi. A Gerevazio anawagoneka moyandikana ndi a Timoteyo, poti malo anali ochepa.

"Chimene chaphulikacho n'cha ndani?"

A Timoteyo sakanatha kulankhula. Anatukula dzanja pang'onopang'ono. Linadutsa a Gerevazio, amene akanatha kufotokoza bwino za ring'i yogogodedwa mwachangu, n'kukaima pa a Eustace. A Gerevazio, amene ankaganizira za nyundo ndi zimene ananena za kadi, analoza komweko.

"Ndi la alamu tayalalo. Ine ndinawauza za buluku."

"Si bomba, bwana, ndi tayala," anatero a Eustace. Ku khoti ankanyansidwa ndi mboni zozungulira, ndipo anatsimikiza mtima kuti iwo ayankha mwachindunji, wapolisiyu aone kusiyana kwake.

"Ndi lanu?"

"Ndi langa."

"Musanabwere nalo kwa atcheya linkakhala kuti?"

"Kuchipinda kwanga, kuseri kwa bedi."

"Chifukwa?"

"Kuopa maso a anthu."

Wapolisi anagwedeza mutu mwachifundo. "Mlamu wanu amakonza matayala. Bwanji limeneli simunapite nalo kwa iye?"

"Limenelo ndinalikonzera atcheya."

"Munalikonzera atcheya. Nanga lole inatseka msewu ija anaimika ndani?"

"Ine. Ndinafuna ikhale pakati penipeni."

"Pamene chinkaphulika inu munali kuti?"

"Pansi pa lole, bwana."

"Munabisala chisanaphulike."

"Inde, koma mukandilola ndiyambire pachiyambi..."

"Mudzayambira, bambo. Nthawi mudzakhala nayo yambiri."

Anawamanga a Eustace zala ndi kathabwa, chifukwa namwino anaumirira, kenako n'kuwamanga manja.

Loweruka m'mawa anali m'kachipinda ka kupolisi ka zenera laling'ono la m'mwamba, loyang'ana kumsewu. Malole anayamba kudutsa, lililonse ndi nyimbo yake. A Eustace anaimirira pa chidebe chimene sichinapangidwire kuimirirapo, n'kutchera khutu. Yawo anaizindikira isanafike, chifukwa inkatsokomola posintha giya, ndipo woyendetsayo, kaya anali ndani, ankaikukuta giyayo mopanda chisoni. Zikuoneka kuti a chipani anali ataibweza kumudzi usiku womwewo kukatenga amayi. Amayiwo ankaimba mokweza. Pakati pa mawuwo anamva a Salome, amene pa tsiku lotere sakanatha kujomba, makamaka tsopano. Ankaimba mokweza kuposa onse.

A Eustace anagogoda chitseko ndi dzanja labwinolo mpaka mlonda anabwera.

"Achimwene, lole yanga yadutsa. Amayi afika nthawi yabwino, msonkhano usanayambe. Ndikupempha kuti akuluakulu adziwitsidwe zimenezi."

Mlonda anawayang'ana pa kabowo. "Yafikadi. Ndiye inu kunjaku mukufunikanso chiyani?"

Dzuwa litapendeka, ng'oma zikumvekabe ku bwalo, kunabwera galimoto yopanda mazenera kumbuyo. Anawakankhiramo, asilikali awiri n'kukhala mbali ndi mbali. Sanawauze kopita, koma anamva kuti yakhotera kummwera, kumene kunali ndende zazikulu. Inathamanga kwambiri potsetsereka, ndipo a Eustace, atakhala pa chitsulo chozizira, anadabwa kuti sinkanjenjemera ngakhale pang'ono. Inkangoyenda myaa, ngati madzi m'ngalande. Anapirira kwa kanthawi, koma funsolo linawakulira.

"Pepani, achimwene. Kodi matayala anuwa mumakabalansitsa kwa ndani?"

Khofi linagwera pa mlomo wotupa uja, n'kuutsegulanso. Galimoto inapitirira kutsika.